Akuti amutsitse chitetezo dala? Nkhani ya scleroderma ndi matenda ouma magazi m'mafupa

Ife amene tinakula nthawi imene Edzi inavuta mawu oti "chitetezo chatsika" timawadziwa, ndi mawu oti ukawamva kuchipatala mtima umagunda. CD4 ikatsika timadandaula, ikakwera timathokoza, ndipo mpaka lero pa wailesi sipatha tsiku osamva wina akutsatsa chakumwa choti chimakweza chitetezo. Nde mnzanga wina atandiimbira kuti mlamu wake wagonekedwa ku Joni, magazi akumangotha, ndipo madokotala akuti amupatse mankhwala otsitsa chitetezo, funso lake sindinadabwe nalo. Anati, kodi anthu amenewa akufuna amuchize kapena amumalize?

Matenda a mlamuyo ndi aplastic anemia. Ndawaphatikiza pano ndi ena otchedwa scleroderma chifukwa olo amaoneka ngati sakugwirizana, ena ndi a magazi ena a khungu, gwero lawo ndi lofanana ndipo mankhwala ena ndi omwewo. Kusiyana kwake kuli pa zimene mankhwalawo angabweze ndi zimene sangabweze, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amasokonekera.

Galu akayamba kugwira nkhuku za pakhomo pomwe

Chitetezo cha m'thupi ndi maselo oyera a m'magazi, aja timati asilikali. Alipo a mitundu yambiri koma pa nkhani ino ofunika ndi awiri, ma T cell amene amazindikira mdani nkumuthira nkhondo maso ndi maso (CD4 ija timayezetsa ndi mtundu umodzi wa iwowa), ndi ma B cell amene amapanga ma antibody, tinthu timene timakamatirira mdani ngati chidindo choti uyu aphedwe. Asilikaliwa amaphunzitsidwa akadali aang'ono kusiyanitsa za pakhomo ndi zachilendo. Nthawi zina maphunzirowo amaphonya, nde amayamba kumenya thupi lomwe akulilondera. Matenda otere achipatala amati autoimmune.

Zili ngati galu amene munamuweta kuti azilondera usiku koma wayamba kugwira nkhuku zanu zomwe. Kumuwonjezera chakudya kuti akhale wamphamvu ndi kumaliza khola. Mumamumangirira. Koma mukamumangirira mukudziwanso kuti usiku umenewo wakuba akabwera palibe wouwa. Mankhwala otsitsa chitetezo ndi chingwe chimenecho basi, ndipo ntchito yonse ya dokotala ndi kuona kuti chingwecho chitalike bwanji komanso galuyo akhale pachingwe mpaka liti.

Nazale ikauma

Magazi sapangidwa mu mtima ngati mmene ena timaganizira. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, aja timatsopa tikamadya nyama, makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana ndi a pachifuwa. M'menemo muli maselo ochepa otchedwa ma stem cell, ndiwo mbewu, ndipo kuchokera kwa iwo kumatuluka maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera olimbana ndi matenda, ndi ma platelet oumitsa magazi ukadzicheka. Ntchitoyi siima chifukwa selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, platelet sabata imodzi kapena masiku 10, ndipo asilikali ena otchedwa ma neutrophil satha nkomwe masiku angapo. Maselo ofiira okha thupi limapanga pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi iliyonse.

Mu aplastic anemia ma T cell amapita kukamenya mbewu ija. Nazale ikauma munda wonse umatha, nde zonse zitatu zimatsika pamodzi, munthu amafooka nkumapuma wefuwefu olo wangoyenda pang'ono, amatuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama, mikwingwirima imabwera yokha osamenyedwa, azimayi msambo sufuna kusiya, ndipo kachilombo kalikonse kamamugwetsa. Amene anayamba kuwalemba ndi Paul Ehrlich wa ku Germany mu 1888, atayeza thupi la mtsikana woyembekezera amene anamwalira magazi atamuthera. Ndi matenda osowa, ku Ulaya ndi ku America amagwira anthu pafupifupi 2 pa 1 miliyoni pachaka, ku Asia amachuluka kawiri kapena katatu. Ena amayamba atadwala chiwindi, ena chifukwa cha benzene wopezeka mu petulo ndi m'mafakitale, ena chifukwa cha chloramphenicol, mankhwala amene ambiri tinamwapo tili ana, koma ochuluka zedi amangoyamba popanda choloza chala.

Apa pali zinthu ziwiri zoti tisamale. Choyamba, kwathu kuno magazi onse atatu akatsika nthawi zambiri chimakhala china, HIV, TB yofalikira, kusowa kwa vitamini B12, khansa ya m'magazi, kapena mankhwala ngati zidovudine, mmodzi wa ma ARV, ndi bactrim. Nchifukwa chake amaboola fupa la m'chiuno ndi singano nkutenga kachidutswa kukayang'ana ku labu, akapeza m'kati muli mafuta wamba okhaokha maselo opanga magazi mulibe ndiye amatsimikiza. Chachiwiri, chidede, masamba a mapeyala ndi mapilitsi a ayironi apa sizithandiza, chifukwa chasowa si chakudya cha nazale, yasowa ndi mbewu. Ndipo munthu woikidwa magazi pafupipafupi ayironi amachita kumuchulukira mpaka kuvulaza chiwindi ndi mtima.

Hatchi inaposa kalulu

Njira zochizira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumuika mbewu yatsopano yochokera kwa munthu wina, transplant. Kwa mwana kapena wachinyamata wosapitirira zaka 40 amene ali ndi m'bale wa bere limodzi wofanana naye, imeneyi ndi imene amayambira chifukwa imachiziratu. Vuto ndi loti mwayi woti mchimwene kapena mchemwali wako afanane nawe ndi 1 pa 4, ndipo m'kaundula wa anthu ofuna kupereka, ngati South African Bone Marrow Registry imene inayamba mu 1991 ku Cape Town, anthu akuda ndi ochepa. Palinso kanthu kena kamene kamatsutsana ndi chikhalidwe chathu, ife wodwala akasowa magazi abale timathamanga kukapereka, koma ngati pali pulani ya transplant madokotala amakana magazi a achibale, chifukwa thupi la wodwalayo likawazolowera molakwika lidzakana mbewu ya m'baleyo ikadzabwera.

Njira yachiwiri ndi yotsitsa chitetezo, ndipo inapezeka mwangozi. Cha m'ma 1970 ku France, Georges Mathé ankapatsa odwala mankhwala opha ma T cell kuti thupi lilandire mafuta a m'mafupa a munthu wina. Kwa ena mbewu yachilendoyo sinamere, koma chodabwitsa magazi awo enieni anayamba kubwerera. Ndiye kuti mbewu ya mwini wake inalipo ndithu, imangopanikizidwa, galu atamangidwa inaphukanso.

Mankhwala amenewo ndi ATG, ndipo kapangidwe kake ukamva koyamba umaseka. Amatenga ma T cell a munthu nkubaya hatchi kapena kalulu, nyamayo imapanga ma antibody olimbana nawo, kenako amakama ma antibody aja m'magazi a nyamayo, nkuwayeretsa, nkuika mu dilipi. Ya hatchi imaperekedwa masiku 4 munthu ali m'chipatala akumuyang'anira usana ndi usiku, chifukwa thupi limadziwa kuti ichi nchachilendo, amanjenjemera, kutentha thupi, ziwengo, ndipo patapita sabata imodzi kapena ziwiri ena mfundo zimatupa nkumawawa, nchifukwa chake amawonjezera ma steroid, mankhwala oletsa kutupa ndi ziwengo ngati prednisolone, kwa kanthawi. Mu 2011 ofufuza a ku National Institutes of Health ku America anayerekeza ziwirizi, pakutha miyezi 6 odwala 68 pa 100 olandira ya hatchi magazi anali atakwera, a kalulu 37 okha. Mu nthano zathu kalulu sagonja, koma apa anagwa nayo, olo kuti ya kalulu ndi imene imapha ma T cell kwambiri. Zikuonetsa kuti kumenya kwambiri si kuchiza kwambiri.

ATG imamenya kamodzi, nde pamafunika china choti ma T cell otsala asadzukenso. Ndi ciclosporin, mapilitsi omwa kawiri patsiku kwa miyezi 6 kapena kupitirira, ambiri chaka ndi kuposa, nkumachepetsa pang'onopang'ono. Anachokera ku nkhungu imene kampani ya Sandoz ya ku Basel inapeza mu dothi la ku Norway, ndipo ndi omwewo anasintha nkhani yoika impso. Amavutitsa impso, amakweza BP, nkhama zimakula, ubweya umamera ndipo manja amanjenjemera, nde amayeza magazi pafupipafupi kuona mulingo wake. Zaka zaposachedwa awonjezera achitatu, eltrombopag, amene satsitsa chitetezo koma amadzutsa mbewu yotsala ija, tingoti feteleza wa nazale. Kafukufuku wa ku Ulaya wotchedwa RACE, wotuluka mu 2022, anapeza kuti powonjezera amenewa opeza bwino pa miyezi 6 anakwera kuchoka pa 41 kufika pa 68 pa 100.

Koma musaganize kuti dilipi ikatha Lachisanu, Lolemba magazi abwera. Zimatenga miyezi 3 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyo munthu akukhalira magazi ndi ma platelet a anthu ena. Mwa amene apeza bwino, pafupifupi 1 pa 3 matenda amabwereranso, kawirikawiri ciclosporin akamachepetsedwa, ndipo ena 10 mpaka 15 pa 100 patapita zaka mafuta a m'mafupa amasanduka matenda ena ngati khansa ya m'magazi. Komanso pali mtundu wobadwa nawo, monga Fanconi anemia, umene vuto lili mu mbewu yeniyeniyo osati galu, kumeneko ATG ndi kungovutitsa mwana pachabe.

Khungu louma ngati chikumba

Scleroderma ndi mawu a Chigiriki, skleros kulimba, derma khungu. Imakonda azimayi, katatu kapena kanayi kuposa abambo, makamaka a zaka za pakati pa 30 ndi 50. Pamachitika zinthu zitatu nthawi imodzi, chitetezo chimalusa, timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timawonongeka, ndipo thupi limayamba kupanga collagen wochuluka, ulusi uja umapanga chipsera bala likamapola. Nde tangoganizani thupi likupanga chipsera pamene palibe bala, osasiya.

Pa mtundu wolowa m'kati mwa thupi pafupifupi onse amayamba ndi zala, kukazizira ngati Juni wa ku Dedza kapena ukangogwira madzi ozizira zala zimachita dzanzi, kuyera, kenako kubiriwira nkumawawa magazi akamabwerera. Izi amati Raynaud, dzina la dokotala wa ku France amene anazilemba mu 1862, ndipo pa khungu lakuda mtunduwo suoneka bwino, nde ambiri amangoti ndi kuzizidwa. Kenako zala zimatupa, khungu limalimba nkumanyezimira, silitsinika, zala zimapindika mpaka kutema nsima kumavuta, kamwa imachepa, chakudya chimakakamira pammero, chilungulira sichitha. Pa khungu lathu pamabwera mawanga oyera osakanikirana ndi akuda ngati wawaza mchere, nchifukwa chake ena amathamangira kunena za khate kapena kulodzedwa. Sipatsirana ayi.

Pali mtundu wa pakhungu pokha, pali wina wolowa m'kati umene amati systemic sclerosis, ndipo woopsa ndi umenewu. Mapapo amene amayenera kufewa ngati chinkhupule amalimba, ndipo lero mapapo ndi amene amapha odwala scleroderma ambiri. Anthu akuda imakonda kuwayamba akadali aang'ono komanso mwaukali. Nkhaniyi imatikhudzanso mbali ina, mu 1957 dokotala wina dzina lake Erasmus analemba kuti scleroderma imachuluka mwa anthu okumba golide ku Witwatersrand chifukwa cha fumbi la miyala lotchedwa silica, migodi yomweyo imene agogo athu ankapitako pa Wenela ndi pa Teba.

Pano chingwe chimagwira mochepa

Kusiyana kwakukulu ndi uku. Mu aplastic anemia ukamanga galu nazale imatha kuphukanso. Mu scleroderma chimene chasanduka chipsera m'mapapo sichibwerera, mankhwala amangoteteza chimene chatsala. Nchifukwa chake amathamangira zaka zoyambirira matenda akadali moto, ndipo munthu amene wakhala nayo zaka 15 zala zinapindika kale koma sizikuipiraipira, dokotala akhoza osamupatsa nkomwe mankhwala otere, osati chifukwa chomunyoza.

Akale kwambiri ndi cyclophosphamide, mankhwala a khansa. Kafukufuku wa Scleroderma Lung Study wa 2006 anaonetsa kuti amathandiza mapapo koma pang'ono zedi, ndipo atasiya kumwa phindulo linazimiririka pofika zaka ziwiri. Amavulaza chikhodzodzo, amatha kutseka kubereka, ndipo iwo omwe amatsitsa magazi. Wachiwiri wa 2016 anayerekeza ndi mycophenolate, zotsatira zinafanana koma mycophenolate anthu amawapirira bwino, nde masiku ano ambiri amayambira pamenepo. Pa khungu ndi mfundo ena amapereka methotrexate. Pali rituximab amene amachotsa ma B cell, pali tocilizumab amene America inavomereza mu 2021 pa mapapo a scleroderma, komanso nintedanib wa 2019 amene si wotsitsa chitetezo koma amachepetsa liwiro la chipsera. Mitengo ya atatu omalizawa ndi ina, si ya thumba la munthu wamba.

Chimodzi chimene ndikufuna chimveke ndi cha prednisolone, uja ena amangogula okha thupi likamaphwanya. Pa matenda ambiri a autoimmune ndiye woyamba, koma pa scleroderma kumwa 15 mg kapena kuposa tsiku lililonse kumawonjezera ngozi yoti impso zitseke mwadzidzidzi BP itakwera zoopsa. Kale zikatero anali maliro, pano mankhwala a BP ngati captopril ndi anzake amapulumutsa ambiri bola afike msanga, nchifukwa chake odwala amauzidwa kuti aziyeza BP kunyumba.

Kufafaniza zonse nkuyambiranso

Apa ndi pamene matenda awiriwa amakumana. Kwa odwala scleroderma yaukali, yoyamba kumene, yolowa m'mapapo, pali njira yoti amayamba akolola ma stem cell a wodwala yemweyo nkusunga mu fuliji, kenako amamupatsa cyclophosphamide wambiri pamodzi ndi ATG ija, ena amawonjezera kuwotcha ndi cheza, mpaka chitetezo chonse chitafafanizika, nkubwezeretsa mbewu yake ija kuti asilikali amere atsopano osadziwa za mkangano wakale. Tinganene kuti madokotala amaumitsa nazale dala kwa sabata ziwiri, chinthu chomwecho chimene wa aplastic anemia akuchithawa. Kusiyana kwake, wa aplastic anemia amafunika mbewu ya munthu wina chifukwa yake yatsala yochepa zedi, wa scleroderma yake ilipo yokwanira.

Manambala ake ndi ovuta kuwameza mbali zonse. Mu kafukufuku wa ASTIS wa ku Ulaya, 2014, wa anthu 156, odwala 8 mwa 79 ochitidwa transplant anafa chaka choyamba chifukwa cha chithandizocho, pamene mwa olandira cyclophosphamide wa mwezi ndi mwezi palibe anafa nacho. Koma patapita zaka, amoyo ambiri anali a transplant. Wa SCOT wa ku America ndi Canada, 2018, anapeza kuti mwa amene anamaliza chithandizo, pa miyezi 54, 79 pa 100 a transplant anali moyo opanda chiwalo cholephera, enawo 50. Nde munthu amasankha pakati pa ngozi yaikulu lero ndi ngozi yaikulu mawa, ndipo madokotala eni ake amasiyana maganizo pa nthawi yoyenera, ukafulumira waika pa ngozi munthu amene mwina mapilitsi akanamukwanira, ukachedwa mtima ndi mapapo zafooka sangapirire. Ku Erlangen ku Germany ayambanso kuyesa njira ya CAR-T, yophunzitsa ma T cell a wodwala kuti akasesa ma B cell, koma ndi pa anthu ochepa ndipo ikadali yoyesera.

Usiku umene galu ali pachingwe

Mantha a mnzanga aja sanali opanda pake. Eleanor Roosevelt, mkazi wa pulezidenti wakale wa America, anapezeka ndi aplastic anemia, anapatsidwa ma steroid, ndipo pamene amamwalira mu 1962 TB inali itafalikira thupi lonse. Kwathu kuno kumene ambiri tili ndi kachilombo ka TB kogona m'thupi, nkhani imeneyi si yakutali. Nchifukwa chake asanayambe amayeza TB, HIV ndi hepatitis B, matenda a chiwindi amene amatha kudzuka mwaukali makamaka ndi rituximab. Katemera wokhala ndi kachilombo kamoyo, ngati wa yellow fever ndi wa chikuku, amaimitsidwa kaye. Neti ya udzudzu, madzi owiritsa, kupewa m'chigulu cha anthu otsokomola, zonse zija timazitenga mwachizolowezi zimakhala lamulo.

Ndiye pali kusakaniza mankhwala, kumene ndimaona kuti ndi msampha weniweni kwa munthu amene walandira chithandizo kunja nkubwerera kumudzi. Bactrim, amene amaperekedwa paliponse, akakumana ndi methotrexate amatha kugwetsa magazi onse. Rifampicin wa TB amatsuka ciclosporin m'thupi mpaka kukhala ngati sukumwa. Methotrexate amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo anthu anafapo chifukwa chosokoneza pamenepa. Mycophenolate, methotrexate ndi cyclophosphamide onse amavulaza mwana m'mimba, nde za kulera zimakambidwa tsiku loyamba lomwelo, ndi bambo ali pompo. Kapepala kolemba mankhwala onse kaziyenda nawe kulikonse, olo ku kiliniki ya pafupi.

Mlamu wa mnzanga uja abale ake awiri anayezedwa, palibe anafanana naye, nde anamupatsa ya hatchi. Pano ali pa ciclosporin, sabata iliyonse amapita kukayezetsa ndipo ma platelet akatsika amamuika ena. Anamuuza kuti thupi likangotentha kufika 38 asamwe panado nkugona kudikira kuche, anyamuke usiku womwewo, chifukwa munthu wopanda ma neutrophil maola ochepa amakwana kuti kachilombo kalowe m'magazi monse. Mwezi wachitatu ukwana kumapeto kwa mwezi uno, ndi pamene ayambe kuyang'ana ngati manambala akukwera okha.